Mapointi

Ulendo woyamba anandikana.
Kalata inafika Lachiwiri, itanyowa pakona,
yaulemu ngati munthu wodzapepesa maliro:
pepani, mbiri yanu ya ngongole sitikuiona.
Ndinaseka ndekha m'khitchini muno mu Sneinton.
Bambo anga anapita kumanda asanakongolepo ngakhale mchere,
anthu nkumati uyu ndiye anali munthu.
Kuno wopanda ngongole ndi mzukwa,
makina samuona.

Ndiye ndinaphunzira kukongola mwadala.
Foni yapangongole, kulipira tsiku lisanakwane,
miyezi khumi ndi inayi ndikuweta dzina langa
ngati mbuzi ya eni,
mpaka khadi linabwera, labuluu, lozizira m'manja,
ndi lonjezo la zilembo zikuluzikulu:
gulani za mapaundi zikwi zitatu m'miyezi itatu,
tikupatsani mapointi zikwi makumi atatu.
Zilembo zing'onozing'ono ndinaziwerenga ndi magalasi a Bambo Whitlock,
iwo akuwodzera pampando, wailesi ikulosera mvula.
Chiwongoladzanja chake,
wakatapila wa ku Ndirande angachite nacho manyazi.

Zikwi zitatu, ine?
Ndinayenda khomo ndi khomo ngati wotolera chipereganyu.
Esinala, usalipire wekha petulo, undidikire.
Achimwene a Kamwendo, matayala ndigula ndine,
inu mundibwezere pamanja.
Kutchalitchi ndinalipirira holo, mipando, nkhuku makatoni anayi,
amayi anzanga nkumatsinana, walemera liti ameneyu?
Sindinalemere.
Ndimangokunkha m'munda eni ake atakolola.

Usiku pantchito, ndikatha kutembenuza agogo a m'chipinda chomalizira,
ndimakhala pamasitepe, foni m'manja, kuwerenga.
Mkaka, awiri.
Tikiti ya basi ya sabata, makumi awiri.
Nsapato zantchito, makumi anayi ndi asanu.
Heathrow, Addis, Chileka.
Mtunda wonsewo ndikuuyeza ndi buledi ndi sopo,
ndipo tsiku la malipiro ndimabweza zonse, osasiya ndi khobidi,
poopa kuti ng'ona yomwe ndakwera ingatembenuke.

Iwe Ndaziona, ukaimba foni umati,
amayi, mundipempherere ndipeze mapointi ochepa,
asanu ndi anayi, olo khumi ndi awiri,
ndikaphunzire zachipatala.
Ine ndimagwada pakapeti yonunkha chinyezi
nkumupempha Mulungu asasokoneze makalata awiriwa:
mwanayu ochepa,
ine ochuluka.

Ndinakusiya uli Sitandade 5,
mutu wako ukundilekeza pachifuwa.
Ndinati zaka ziwiri zokha.

Atakwana, ndinafufuza Disembala. Mipando yatha.
Khirisimasi si ya anthu a mapointi.
Ogasiti, yatha. Pasaka, yatha.
Ndinatsetsereka ndi chala, mwezi ndi mwezi,
tiyi nkuzizira, wina nkuzizanso,
mpaka Febuluwale, Lachitatu, mpando umodzi kumbuyo kwenikweni,
pafupi ndi chimbudzi.
Pansi pake kachilembo kena:
msonkho ndi mafuta a ndege sizimva mapointi,
zikufuna ndalama zogwirika, mapaundi mazana atatu ndi kanthu.
Chaulere chili ndi mchira, ndinauona mochedwa.

Febuluwale!
Mwezi wa matope, chimanga chisanakhwime,
mwezi umene mlendo amamuwerengera mbale.
Ndinayang'ana pawindo. Nottingham ali mbuu,
basi yoyamba ikudutsa yopanda munthu.
Ndinadina.

Khadi ndaliika m'envelopu pamwamba pa fuliji.
Ndidzalidula ndi sizasi chaka chisanathe,
asanandilipitse msonkho wongolisunga.
Esinala akuti ndifunsire lina, la kampani ina,
akuti anthu ozindikira amasunga atatu.
Ndamuuza kuti tiona.

Udzabwere ndi ambulera pa Chileka.
Ukadzapanda kundizindikira,
ndine wa jekete lolemera uyo, wonenepa pang'ono, imvi m'mbalimu,
amene akusuzumira pansi m'chigulu cha anthu
kufunafuna kamtsikana ka Sitandade 5,
iwe utaima patsogolo pake penipeni.