Madzi Opanda Mzere

Mpopi wathu ku Masasa unauma Lachitatu.
Loweruka Fumbani anati, siya zigubuzo,
tiye ku Kaning'ina
ukaone kumene madzi amabisala.

Njinga yake ya kabaza tinaisiya kwa mlonda.
Kanjira kanali koterera,
nkhungu idakali yokolekeka m'mitengo
ngati zovala zokana kuuma.
Linthumbu linandikwera m'miyendo,
ndinavina popanda ng'oma,
mlongo wanga akuseka mpaka misozi.

Tinawamva tisanawaone.
Kenako awo, akudumpha pathanthwe, oyera mbee,
opanda mita, opanda mzere,
opanda mayi wokuwa kuti ndinayamba kufika ndine.
Ine wozolowera kuwerenga
ndinayambapo: ndowa imodzi, khumi, makumi anayi...
chiwerengero chinandipulumuka.

Dziwe la m'munsi mwake linali lozizira ngati m'mawa wa Juni.
Ndinalowa ndi chitenje chomwe.
Mano anagundana, mpweya unandithawa,
ndipo khosi ili,
losenza kuyambira ndili Sitandade 3,
linamasuka.
Kwa nthawi yoyamba
madzi ndiwo anandinyamula.

Fumbani anafuna kundijambula, foni n'kupezeka yathima.
Bola.

Tinatsika magetsi a ku Katoto atayaka kale,
matope ofiira mpaka m'maondo.
Kunyumba ndinatsegula mpopi, chizolowezi basi.
Unatsokomola kawiri
n'kukhala chete.

Ndinafinyira chitenje chija m'beseni.
Anatuluka theka la kapu, onunkhira masamba owola.
Ndinaima nawo pakhomo kanthawi,
kenako n'kuthirira tomato wanga
wa kuseri kwa bafa.