Tepi ya Malume Bwanali

Inabwera m'katoni ya sopo,
pansi pa majuzi awiri ndi wotchi yakufa,
tepi yopanda dzina.
Malume Bwanali anapita ku Mangalande kukaphunzira zozula mano,
anabwerako ndi chifuwa, ndi iyoyo.

Kuseri kwa golosale ya Che Sumaila, pa M'baluku,
ukangowoloka mlatho,
kunali mabenchi asanu ndi jenereta yotsokomola.
Pakhomo, matambala makumi awiri.
Ine ndinalowa ndi khumi, enawo mawa.
Masiku amenewo dziko lathu linalibe kanema wakewake,
bokosi lokha basi,
ndi chilichonse chimene wapaulendo walidyetsa.

Poyamba filimu:
mzungu wa jekete lakuda akuthamanga mumvula,
apolisi m'mbuyo, agalu m'mbuyo.
Tisanadziwe ngati amugwira
chithunzi chinang'ambika pakati.
Malume anajambulira zina pamwamba pake.

Anyamata anayi, owonda ngati nsungwi.
Tsitsi njo! ngati lipombo la tambala,
la wina lobiriwira ngati ndere za mu Shire.
Gitala akuimenya ngati inawadyera ngongole.
Woyimbayo sakuyimba, akukalipa,
malovu kuthovokera pagalasi,
pini wa matewera atabaya patsaya.
Wowulutsa, bambo wa tayi,
akumwetulira ngati waponda minga pamaso pa apongozi.

Kenaka nkhani: zinyalala milumilu m'misewu ya London,
azungu pamzere, manja m'thumba, kufuna ntchito.
Kenaka mayi akutsatsa batala.
Kenaka filimu ija,
wa jekete uja ali kale chafufumimba m'ngalande.
Anamuwombera ndani?
Mpaka lero sindikudziwa.

Bambo anga, telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu,
anabwera kudzandikoka khutu.
Anaima pakhomo, tepi yawo yoyezera ili m'khosi,
khutu langa n'kuliiwala.
"Malaya awo wawang'ambira ndani?"
"Okha, Baba."
"Dala?"
"Dala."
Zaka makumi atatu akubisa umphawi wa anthu ndi zigamba,
ulusi wofanana ndi nsalu kuti mnansi asazindikire,
ndiye awa, kwawo kwa makina osokera,
akung'amba chatsopano kuti dziko lione.
Anangoti, "Akwiya ana amenewa,"
n'kukhala pabenchi. Sanalipire.

M'mawa mwake ine ndi Ajasi
tinapaka sopo kumutu kuti tsitsi liime.
Liime chiyani, lometedwa mpala Loweruka?
Komanso pa depoti panali anyamata a malaya ofiira
amene lumo wawo sankafunsa dzina.
Choncho tinaba mapini awiri m'chitini cha bambo
n'kuwabaya kunsi kwa kolala,
kumene aphunzitsi sangaone.
Tsiku lonse ankatikanda pakhosi.
Kuukira kwathu konse kunali komweko.

Sabata yachitatu makina anatafuna tepi.
Che Sumaila anaikulunga ndi bolopeni,
n'kuilumikiza ndi utoto wa zikhadabo wa akazi awo.
Nyimbo inafupika, kukalipa kunatsala.
Kenaka wina ananong'oneza wina,
Landirova inaima pagolosale,
ndipo Che Sumaila analumbira kuti amaonetsa za karate zokha.
Mwezi wa mpunga tinaipeza kudimba kwa Abiti Mdoka,
riboni yakuda itamangidwa pamitengo,
ikunyezimira, ikulira ndi mphepo,
anyamata anayi aja akuopseza mpheta.

Lero makina a bambo ndimapalasa ndine,
khonde lomwelo, mwini sitolo wina.
Dzulo kamtsikana ka ku sekondale
kanabwera ndi jinzi yatsopano, pepala la mtengo likadali pomwepo:
"Mundiboolere m'mawondomu, madala."
Kanandionetsa pafoni mmene ikhalire.
Ndinatenga lezala.
Dzanja linakana kaye pang'ono,
dzanja la bambo limenelo,
kenaka kwee!
Ndinakalipiritsa mtengo wa zigamba ziwiri.