Bedi Sikisi

Usiku wa ku Hull ulibe nkhululu,
uli ndi makina.
Fuu, phwee. Fuu, phwee.
Pa bedi sikisi akumupumira Desmond Thwaite,
amene zaka makumi atatu anasenza mabokosi a nsomba padoko.
Lero chifuwa chake chikukwera ndi kutsika
ndi mpweya wobwereka.

Ndimayamba ndi zala.
Chamkombaphala ndi chapakati n'zachikasu
ngati tsamba lam'munsi likakhwima.
Maureen, mkazi wake, anati: paketi imodzi patsiku,
awiri timu yake ikagonja.

Lero ndi lachisanu chubu chili kukhosi,
ndipo thupi lagwira moto.
Adokotala aloza chithunzi pakompyuta,
kamtambo koyera pansi pa phapo lamanja.
Chibayo. Sanadabwe n'komwe.
M'njira ya mpweya mumakhala timatsache
tosesa usana ndi usiku,
koma take utsi unatiwaula kalekale.
Chubu chasiya chitseko pululu,
tizilombo tangolowa osaodira.

Ndikweza kumutu kwa bedi.
Ndimutsuka mano asanu ndi anayi amene atsala.
Ndikoka makhololo ndi kapaipi,
olemera, odera ngati tiyi wogonera,
ndipo fungo lake, ngakhale ndavala masiki,
ndikulidziwa.

Ndi chigafa cha abambo ku Santhe.
Ndine uja wa zaka khumi, ndakhala tambalale,
singano m'dzanja, ndikusoka fodya,
manja bii ndi phula losamva sopo.
Mabelo asanu ndi awiri anapita ku Kanengo
kuti ine ndivale zoyerazi.
Pasipoti yanga ndi fodya.
Ndege inandibweretsa kuno ndi fodya.
Abambo sanasutepo ndi kamodzi komwe,
ankati ndi chitsiru chokha chimawotcha ndalama.

Ndiye Desmond, ndiuze,
pa ndudu zonse zija, palibe tsamba limodzi
linadutsa m'manja mwanga?
Sayankha. Zikope zamatidwa ndi tepi.
Makina ndiwo ayankha zawozawo.

Folo koloko m'bandakucha nditsika kukapuma.
Panja pakuwaza kamvula kosatha kaja.
Pansi pa chikwangwani choletsa kusuta
Maureen waima, malaya ogonera akuonekera m'jasi,
laitala ikukana, chala chikunjenjemera.
Akuti, namwino, kodi adzuka?
Ndikuti, mankhwala tayamba, tione pofika Lachinayi.
Akuti anasiyapo kawiri, mdzukulu atabadwa,
kenaka doko linamuchotsa ntchito.
Andiloza ndi paketi.
Ndipukusa mutu.

Mawu ndinali nawo, onse a m'kabuku kaja,
manambala a foni, chingamu, timapepala tomata pamkono.
Anandikanira pakhosi.
Ndinangosendeza ambulera yanga
kuti tonse awiri tikwanemo,
iye ndi utsi wake, ine ndi ngongole yanga.

Kumwambaku, pawindo lachitatu kuchokera kumapeto,
kanyali kobiriwira kakuphethira.
Ndatsala ndi mphindi zinayi.
Ndikasamba m'manja kawiri
ndisanamukhudze.