Kuwerenga Piraruku

Kuno ku Mamirauá nsomba timaiwerenga osaiona.
Madzi ndi ofunda, odzaza masamba ovunda
amene amayamba ndiwo kudya mpweya, nsomba n'kutsalira makombo.
Ndiye piraruku, chimphona chotalika kuposa mlamu wanga,
makha ali nawo koma samukwanira.
Ayenera kukwera, adzapemphe kumwamba ngati ife.

Ndimakhala phee m'bwato mphindi makumi awiri,
nkhafi ili pamiyendo, udzudzu ukuchita nane zofuna zake.
Kenako uko, m'mphepete mwa udzu woyandama, khuvuu!
Kukamwa yasa, mchira wofiira phwa, madzi n'kutsekanso.
Mmodzi.

Anandiphunzitsa ndi bambo anga, a Valdenor.
Ankati, Jucilene, maso amanama, tchera khutu.
Wamng'ono amatsomphola mpweya ngati wakuba,
wamkulu amakoka mwachifatse, sapepesa munthu.
Iwo ankadziwa ngati wavuuka apayu
ndi yemwe uja wavuuka patsidya,
kuti tisamulembe kawiri.

Chaka chino sanabwere.
Ali ku Tefé kwa azakhali, kachubu kali m'mphuno,
silinda yaima pambali ngati mlendo wosalankhula.
Dokotala anajambula papepala timatumba
tothithikana ngati mazira a nsomba,
nati, apa ndiye padoko:
mpweya wabwino umawolokera apa kulowa m'magazi,
wotha ntchito n'kukwera bwato lomwelo kubwerera.
Doko lawo lagumuka, anatero.
Fodya, utsi wa injini, utsi wokazinga chinangwa,
zaka makumi anayi.

Lamlungu ndinagona pansi pa machira awo.
Sindinafune, koma ndinapezeka ndikuwerenga.
Amakoka ngati munthu wovuula ukonde wodzaza matope,
kenako zii.
Ine maso kudenga,
kudikira kuti avuuke.
Anavuuka. Anavuukanso. Tambala anandipeza
ndasokoneza chiwerengero penapake kupitirira mazana asanu ndi atatu.

Lero m'dziwe la kumtunda ndapeza akuluakulu makumi atatu ndi mmodzi.
Ndikafika pamene foni imagwira adzafunsa,
liwu limodzi, kupuma, liwu lina:
Nanga... wachipsera... pamsana uja?

Sindinamuone.
Anzanga apalasa kale, ayamba kundikuwira,
mphindi zanga zatha, pepala ndasaina.
Koma nkhafi sindinaigwire.
Pachifuwa payamba kutentha,
ndipo ndazindikira kuti nanenso, kuyambira kale,
mpweya ndaugwira.