Pikapu ya pa Mlatho

Nditati ndikufuna pikapu,
mnyamata wa pa Malangalanga anandilozera galimoto
yodzaza kabichi wa ku Dedza.
Ayi achimwene, yangayo imakwana m'thumba la malaya.
Imagona pansi pa nsambo, pafupi ndi mlatho wa gitala,
ndi khutu lomwe limamva chitsulo chikanjenjemera.

Ndinakaipeza ku Tsoka, kutsidya,
nditalipira pa kamlatho ka matabwa kogwedera kaja.
Inali m'katoni limodzi ndi machaja ndi marimoti akufa.
Wogulitsa sankadziwa n'komwe kuti n'chiyani,
anaiyesa pa dzanja ngati mbatata, natchula mtengo,
ine n'kudandaula monamizira, mtima ukuvina.

Gitalayi anandisiyira Filimoni, mkulu wanga.
Zaka zisanu ndi ziwiri yakhala yosasa mawu.
Ukaikanda imalira ngati lata likukwekweredwa pa simenti,
ukaisiya imang'ung'udza yokha.
Abusa anandiitanira pambali tsiku lina:
"Lameki, nyimbo zili bwino,
koma njuchi zija uzizisiya kunyumba."

Ndiye Lachinayi madzulo, kwathu ku Kawale,
ndinaigoneka pa chitenje ngati wodwala.
Ndinamasula nsambo imodziimodzi,
iliyonse ikutsika mawu mpaka kukhala waya wamba.
Masikuluu ndinaika m'kambale ka mchere.
Chowotcherera chitangoyamba kufunda, phethi!
magetsi anapita osatsanzika.

Zakeyu wokonza mawailesi anaseka ali kuseri kwa mpanda.
Anabwera ndi mbaula yake ndi msomali wa mainchesi sikisi,
nauika pa makala mpaka unafiira.
"Ife tinayamba magetsi asanatizolowere," anatero.
Tiyanjane anagwira tochi ya foni,
kuwala kukuthawira kudenga akayasamula.

Nditatukula chivundikiro, fumbi linanunkha zaka,
ndi fungo la mabala a ku Chigwirizano ndi maukwati a ku Likuni.
Kunsi kwake, pa thabwa, panali zolemba za pensulo,
zilembo zopendekeka zija ndimazidziwa:
LAMEKI USAKHUDZE.

Ndinakhala kaye.
Msomali unazizira, Zakeyu n'kuubwezera pamoto osalankhula.

Kenaka ndinakhudza.
Mtovu unasungunuka ngati dontho la msozi wa nsomba,
mawaya awiri akale anatayana ndi malo awo.
Yatsopanoyo inali ndi mawaya anayi,
wofiira, woyera, wobiriwira, wakuda,
ndipo tinakangana za wobiriwirayo mpaka makala anatha theka.
Ndinapsa chala chamkombaphala. Sindinakuwe,
mwana anali pomwepo.

Magetsi anabwera cha m'ma leveni.
Ndinamanga nsambo, ndinachuna, ndinalumikiza ku ampu,
ndinatsitsa voliyumu poopa alandilodi,
n'kukanda kamodzi.

Abale inu.
Mawu anatuluka oyera ngati madzi a pa mpopi m'mamawa,
akuthwa koma osabaya,
nsambo iliyonse ikudzitchula dzina payokha.
Nditachotsa dzanja, zii. Njuchi zonse zasamuka.
Zakeyu anawomba m'manja kamodzi, nanyamula mbaula yake.

Esinati anaima pakhomo la kuchipinda, atafunda bulangete.
Anamvetsera mpaka nyimbo inatha.
"Yayera," anatero. "Koma alamu anga mulibemo."
Anabwerera kukagona.

Lamulungu abusa anandigwira chanza ndi manja awiri.
Anyamata a kwaya akufunsa kuti ndagula kuti gitala yatsopano.
Ndimangoti ku Tsoka.

Yakale ija ili pa windo.
Dzimbiri ladya timitu take tisanu ndi kamodzi,
mawaya ake akulendewera ngati ndevu za mlamba.
Sindinaitaye.
Maginito ake sanamve kuti ntchito inatha:
dzulo ndinaipeza itakumbatira singano ya Esinati,
mapini awiri, ndi sikuluu imodzi ija
ndinaifunafuna usiku wonse pansi pa bedi.