Maekala a Zefaniya

M'sutikesi ya malata, pansi pa bedi la azakhali ku Kapata,
muli mtundu wathu wonse, wopindidwa kanayi.
Njenjete zinadya chaka, zinasiya dzina:
Zefaniya Daka, mwini maekala mazana atatu ndi makumi awiri,
kuyambira pa mlombwa wopsa ndi mphezi
mpaka pomwe Lutembwe amakhota ngati chigongono.

Atate ake, a Chimutu, anali kapitawo pa munda wa fodya wa mzungu.
Mabelo ankawerenga ndi timiyala m'thumba,
cholembera sichinkawamvera.
Mzungu atamanga katundu kubwerera kwawo,
mwana wa kapitawo anagula dothi
lomwe linapinda msana wa atate ake,
mtengo wake ng'ombe makumi anayi ndi ngongole ya kwa mmwenye.

Zefaniya ankavala jekete ngakhale mu Okutobala.
Ku tchalitchi benchi yachitatu inali yake,
akadwala inkapemphera yokha.
Anasulitsa chitsulo cha zilembo ziwiri,
n'kumadinda nacho ntchafu za ng'ombe,
magoli, zitseko, ngakhale mipini ya makasu.
Azakhali amati akanatha akanadinda ndi ana omwe.

Anakwatira Ezelina wa kwa Sakala,
osati chifukwa cha mano oyera, ayi,
dimba la alongo ake linkagundana ndi malire a kummawa
kumene madzi saphwa.
Ezelina anabereka asanu ndi awiri.
Atatu chikuku chinatenga mwezi umodzi, fodya ali m'chigafa.
M'kaundula wa Zefaniya tsiku lomaliza lija mwalembedwa:
mabelo khumi ndi limodzi, mvula pang'ono.
Pansi pake inki inafalikira
ngati panadontha kanthu.

Wilo analemba kawiri.
Koyamba zonse kwa Lameki, mwana wachisamba.
Lameki atathawira ku migodi ndi ndalama za feteleza,
dzina lake linakhwatchidwa mpaka pepala kubooka,
pamwamba pake n'kulembapo Yesaya.
Pamaliro panaimirira wachitatu,
Sandikonda, mwana wa mlongo wake,
wopanda pepala, mawu okha:
chuma cha atsibweni chimatsata bere,
ana inu kwanu ndi kwa Sakala.
Nyimbo inaduka pakati. Okumba manda anatsamira mafosholo.

Mlandu unayenda zaka khumi ndi zinayi
pakati pa khoti la ku Boma ndi la ku Lusaka.
Ng'ombe zinatsata maloya imodziimodzi,
chidindo chili pantchafu.
Usiku wina munthu anagwetsa mlombwa wa pamalire, n'kuucheka matabwa,
ndipo woyeza malo atabwera ndi tepi yake
anasowa poyambira.
Yesaya anafa akudikira chigamulo.
Sandikonda anapambana, n'kugulitsa mwezi womwewo.

Lero pa maekala aja pali mapuloti,
nyumba za njerwa zosapaka, chigayo, mabala awiri.
Chigafa chatsala khoma limodzi, ana amenyapo mpira.
Manda ali kuseri kwa chigayo, oyera ndi fumbi la ufa,
simenti inang'aluka pakati pa dzina,
Zefa uku, niya uko.
Wa Ezelina sitidziwa kuti ndi uti.
Chitsulo chija chilipo,
azakhali amachirikizira nacho chitseko cha khola la nkhuku.

Ine ndine Gidiyoni, mwana wa Tiwonenji,
mwana wa Lameki wothawa uja,
dzina lomwe lili pabowo la pepala.
Ndimanyamula anthu pa njinga,
thukuta langa limagwera m'malire a agogo tsiku ndi tsiku.
Dzulo mayi wina wa dengu la tomato anati, munditsitse pa Daka.
Ndinafunsa, kodi Daka ameneyu anali ndani?
Anati kaya, ndi dzina la siteji chabe.
Anandipatsa makwacha khumi.
Ndinamubwezera awiri.