Funso la Pakhomo

Ku Tartu dzuwa lalowa isanakwane folo koloko.
Chipale chofewa chaunjikana pa zishalo za njinga,
koma Ülle Pärn akadali pa desiki,
khofi wake wazizira kachitatu.

Mizere makumi awiri yokha analemba,
yoti pulogalamu isanalowe m'kompyuta ya munthu
iziyamba yaima pakhomo n'kuodira:
Odi kuno! Eni nyumba ndinu yani?
Ndinu a m'badwo uti?
Pajatu safunsa anadya phula,
ndipo mlendo woyala mphasa asanaone kukula kwa chipinda
amagona miyendo ili pabwalo.

Zaka zinayi mizereyo yakhala ikufunsa.
Woyankha kuti seveni: pepani, mwakalamba, sitikwanamo.
Woyankha kuti eyiti, kapena naini:
zikomo, tikulowa ndi katundu yense.

Lero foni yalira kuchokera ku chilumba cha Hiiumaa.
Endel wa ku famase, mawu ali njenjenje:
"Kompyutayi ndagula Lachiwiri,
ngakhale pulasitiki sindinamatule,
koma chinthu chanuchi chikuti ndi nkhalamba!
Anthu ali pamzere ndi mapepala a dokotala.
Mayi Sooäär akudikira mankhwala a mtima."

Ülle watsitsa chala pa sikirini,
mzere ndi mzere ngati wotola nsabwe m'msoko.
Pa mzere wa khumi ndi chinayi waima.

Makina atsopanowo sananame.
Anayankha bwinobwino kuti teni.
Koma mlonda wakeyu sawerenga nambala,
amangoona chilembo choyamba basi:
waona wani, ziro sanamuyang'ane n'komwe,
ndipo wani ndi wochepa kwa eyiti.
Khanda la Lachiwiri lapatsidwa ndodo yoyendera.

Waseka yekha, kuseka kowawa.
Ndi iye mwini analemba zimenezi,
tsiku lina lotentha, mawindo ali otsegula,
akuganiza kuti manambala adzathera pa naini
ngati kuti dziko lidzaima kumudikira.

Kukonza kwake n'kwa mphindi zitatu.
Koma sakunyamuka.
Wakumbukira makina ena amene amachepetsa zaka zawo dala
kuti mapulogalamu akale asawathawe,
ena obisa dzina m'fayilo ina,
ena ovala dzina la msuweni wawo,
ena ongokhala duu, funso n'kubwerera lokha.
Zaka za munthu zimakuuza chiyani
za mtolo umene angasenze?

Wafufuta funso lakale lija.
Tsopano mlendo akafika pakhomo azifunsa zina:
Kodi muli ndi malo okwana mwakuti?
Chida chakuti chilipo?
Tayesani kunyamula ichi tione.
Nambala aziifunsabe, koma pomaliza,
ndipo aziiwerenga yonse, mpaka kumchira.

Sikisi koloko itangodutsa, uthenga wa Endel:
"Yalowa. Makina akusindikiza.
Mayi aja apita ndi mankhwala awo,
andikalipira pang'ono pokha."

Pamwamba pa mzere wa khumi ndi chinayi
Ülle wasiya mawu amene kompyuta siwerenga,
olembera munthu amene sanamuonepo:
Iwe udzakhale pampando uno ine nditachoka,
ndinalakwa pano kamodzi.
Pena ndalakwanso, sindikudziwa pati.

Wazimitsa nyali.
Panja wapukuta chishalo ndi mkono wa jekete,
njinga yakana kaye, unyolo wauma ndi chisanu,
kenako yavomera.